Nkhumba Imene Inasankhira a Mansik Boti

A Pyo Mansik ayendetsa maboti pa mtsinje wa Bukhan kuyambira tsitsi lawo lili bii mpaka lero pamene pamutu pawo pamatsetsereka ntchentche, koma kusambira sadziwa. Ku Cheongpyeong kuno aliyense amadziwa zimenezi, kungoti palibe amanena. Akuti ali khanda mayi awo anapita kwa wolosera, wolosera n'kunena kuti mwanayu asamale madzi. Mayiwo anamvera. Anawaletsa kumtsinje, anawaletsa kudziwe, ngakhale powasambitsa madzi ake ankalekeza m'akakolo. Ndiye mwana wosamalidwa chotero atakula anatani? Anagula boti.

Ali ndi paji yawo, thandala la matabwa loyandama pamigolo, ngati ena onse andanda m'mphepete mwa mtsinjewu. Nyengo yotentha anthu a ku Seoul amakhamukira pamenepo kudzalipira ndalama kuti akokedwe pamadzi, agwe, amwe mtsinje, akuwe, kenako akhale pansi kudya nyama ya nkhumba yootcha akunjenjemera. A Mansik amawakoka onsewo. Amaima pachiwongolero malaya ali pululu, magalasi akuda pamphuno, akukalipa pa chimkuzamawu ngati amene akuwakokawo anawabera kanthu. Jekete yoyandamitsa sanavalepo.

"Jekete ndi ya makasitomala," amatero. "Munaonapo dokotala akumwa mankhwala a wodwala?"

Chimene amachikonda kuposa mowa ndi matabwa a kumapazi, aja munthu amavala awiri n'kugwira chingwe, boti n'kumuthamangitsa pamwamba pa madzi mpaka masaya kumakupiza. Iwo eni sanavalepo. Koma aphunzitsa theka la boma lathu lino la Gapyeong, ndipo m'nyumba mwawo muli lamulo lakuti mwana aliyense wa kwa Pyo akakwana zaka zisanu amangidwe matabwa, agogo akoke. Mwana wawo Taegyu anakokedwa, mpaka lero dzino lake lakutsogolo ndi logula. Akazi awo ali moyo ankatha kuwabweza ndi diso lokha. Chimwalirire mayiwo, palibe wowabweza.

Sorim, mkazi wa Taegyu, anafika pathandalapo koyamba ngati kasitomala. Anabwera ndi anzake a kusitolo ya nsapato kumene ankagwira ntchito, anakwera chibaluni chija chonga nthochi, a Mansik anakhota mwadala monga amachitira, mtsikana khuvu! Anamuvuula ndi Taegyu. Madzi sanawakhululukire mpaka lero, koma amene anamuvuulayo anakwatiwa naye, poti munthu ukamizidwa nzeru zimachedwa kubwerera. Tsopano ndiye amawiritsa ramyeon, tizingwe ta ufa todyera mumsuzi, amagawa majekete, amakolopa zimbudzi, diso limodzi pa mphika, lina pa mwana wake Nari. Thabwa lililonse logwedera pathandalapo amalidziwa. Pafupi ndi mphika amasunga ndodo yaitali yangowe yokokera maboti, ndipo aliyense woigwira amalandira mawu. Ndodoyo ndi ya tsiku limene Nari adzagwe.

Nari anakwana zaka zisanu maluwa atangoyamba kuphuka. Tsiku lomwelo agogo anatulutsa timatabwa tating'ono tofiira, tomwe tinathyola dzino la Taegyu, n'kuyamba kutipukuta akuimba.

"Make Nari, taona. Tikadali tatsopano."

"Eya, Bambo, n'tokongola," anatero Sorim.

Mpongozi sauza apongozi ake aamuna kuti ayi. Amati eya, n'kukalirira kuchimbudzi. Anayesa kuzungulira. Anati Nari ali ndi chifuwa, iwo anati madzi ozizira amachotsa chifuwa. Anati mwanayo ngwochepa thupi, iwo anati wopepuka ndiye amayandama bwino. Anayesa mwamuna wake.

"Uwauze bambo ako."

"Ndiwauze chiyani? Ine si uyu ndili moyo?"

"Seka ndione."

Taegyu anatseka pakamwa n'kutuluka kukayang'ana zingwe zomwe sizinkafuna kuyang'anidwa. Kwa mkazi wake ndi mwanankhosa, kwa bambo ake ndi kankhuku konyowa.

Mwayi unabwera ndi utsi. Boti lakale, limene linakoka anthu kuyambira Taegyu ali kusukulu, linatsokomola pakati pa mtsinje, linatulutsa utsi wakuda, n'kumwalira lili ndi alendo m'kati. Boti kulibe, kukoka mwana kulibe. Sorim anagona tulo tabwino mpaka tsiku limene a Gong, ogulitsa maboti ogwirapo kale ntchito, anafika ndi awiri pangolo kuti banja liyese, lisankhe limodzi.

Amuna asanayambe n'kusisita penti, Sorim anali atakwawira kale kunsi kwa ngolo.

"Mayi, mwataya ndolo?" anafunsa a Gong.

"Ndikufuna pulopela."

"Ili pansi pa mimba, onse awiri. Injini zake n'za m'kati. Munthu akagwa kumbuyo sangaifike, ngakhale atafuna kudzimeta."

Anaiona yekha, anayeza ndi mkono kuchoka kumchira kwa boti kufika pa mipeni yozungulirayo, ndiye anatuluka mawondo ali matope. Pamenepo maboti onse awiri anakhoza. Pa zina zonse anali ngati galu ndi mvuu.

Loyamba linali loyera, lowonda, lalifupi m'mbali moti munthu wokhala pansi akhoza kusamba m'manja mumtsinje. Injini yake inali pakati penipeni ngati bokosi la maliro, anthu kumakhala mozungulira. Likamathamanga madzi kumbuyo kwake ankangoti see, ngati asitidwa. Limenelo ndi la matabwa a kumapazi. Lachiwiri linali labuluu, lonenepa, lakuya, injini itabisala kumchira, mipando mbali zonse, zokuzira nyimbo pamwamba. M'nthiti mwake munali matanki omwe amamwa madzi a mumtsinje kuti lilemere. Likakhuta linkayenda pang'onopang'ono ngati mayi wapakati, kumbuyo n'kumakankha chifunde chofika m'chiuno, ndipo munthu ankaima pathabwa limodzi, kuponya chingwe, n'kumangotengedwa ndi fundelo manja ali lende.

"Bambo, anthu masiku ano akufuna labuluuli," anatero Taegyu pa chakudya chamasana, maso ali pa mbale. "Papaji ya a Ok kutsidya, pamene pali boti lotere, pali mzere mpaka kumsewu. Banja lonse limakwana, agogo, ana, agalu omwe."

"Limenelo si boti. Ndi bafa."

"Bafa lake limabweretsa anthu."

"Anthu aulesi! Munthu kumbuyo kwa boti opanda chingwe, akuyenda liwiro la nkhalamba yopita kuchipatala, akudzijambula. Ndi masewera amenewo? Ngakhale ine ndikhoza."

A Gong anatsamwa ndi kimchi, kabichi wosasa wa tsabola.

"Ndipo mumve nonse," a Mansik analoza ndi timitengo todyera, "mdzukulu wanga sindingamukoke kumbuyo kwa bafa limenelo. Matabwa safuna funde. Ndikadzatero mudzanditche galu."

Sorim anali akuwonjezera msuzi m'mbale. Dzanja linaima m'malere. Ndiye kuti akagula labuluu, timatabwa tofiira tibwerera pamsomali, chifukwa a Mansik akalumbira pamaso pa mlendo sabweza ngakhale nyumba ipse. Akagula loyera, Nari alowa m'madzi chilimwe chomwechi. Taegyu yekha sanali vuto. Ameneyo ankamutha ndi chikombe.

Koma mpongozi safunsidwa za maboti. Ntchito yake inali kuyang'ana, ndiye anayang'ana. Masiku onse oyesawo anaphunzira labuluu kuposa amene ankaliyendetsa, osati chifukwa cholikonda koma chifukwa funde lake linkabwera kudzagwedeza thandala pamene mwana wake amasewera. Anaona kuti Taegyu akakhota pa chibowa chachikasu, chizindikiro choyandama pakati pa mtsinje, pobwerera, boti limapita, phokoso limatha, anthu amaiwala, ndiye kenako funde limafika mwakachetechete ngati wangongole. Pakati pa thandala linkangogwedeza supuni. Koma pangodya ya kum'mawa, pafupi ndi firiji ya ayisikirimu, pamene migolo ina inatopa kale, thandala linkadzuka n'kugwada. Pangodya imeneyo Nari analetsedwa ngakhale kuyang'anapo.

A Mansik sanaone zimenezi. Nthawi zonse anali pamtsinje m'loyera lija, akulisisita chiwongolero ngati mutu wa mphaka. Lachinayi anaitana a Gong.

"Ndatenga loyera. Loweruka m'mawa tichita gosa, likatha gosa Nari avala matabwa. Bafa lanulo mudzalinyamule tsiku lomwelo."

Boti silingayambe ntchito lisanachitiridwe gosa, mwambo wopereka nsembe. Pamafunika mutu wa nkhumba wowiritsa, mkate wa mpunga wa nyemba zofiira, nsomba youma yokulunga ulusi, ndi makgeolli, mowa wa mpunga, wothira pamphuno pa boti kuti Mwini Mtsinje adye, akhute, asadzafune munthu. A Mansik kukachisi sapita, kutchalitchi sapita, wolosera amamutcha wakuba, koma gosa saphonya. Munthu wosadziwa kusambira amafunika bwenzi pansi pamadzi.

Kukonza zonsezo ndi ntchito ya mpongozi. Sorim anapita kumsika ndi Nari atamugwira dzanja mpaka mwana kudandaula. Mutu wa gosa umafunika womwetulira, wokwinya nkhope umabweretsa tsoka. Mayi wogulitsa anamuonetsa mzere wonse.

"Uwu, mwanawe, taona kusekerera kwake. Ngati mkamwini tsiku lamalipiro."

"Ukulemera bwanji?"

"Aaa, ukufuna wodya kapena wopembedza?"

Anasankha wozungulira chibwano, wamafuta, umene sunkakhazikika bwino patebulo la mayiyo. Pobwerera m'basi mutuwo unali pamiyendo pake m'thumba, ukumumwetulira ngati ukudziwa.

Loweruka kunacha bwino. Sorim anafika kwa apongozi ake manja ali pamimba.

"Bambo, bwanji boti tilimangirire kungodya ya kum'mawa? Nkhumba iyang'ane kotulukira dzuwa. Ndiponso zithunzi zimakoma kumeneko."

"Waona, Taegyu? Mkazi wako ali ndi mutu. Iwe unatengera ndani?"

Kenako anapeza mwamuna wake kuseri kwa majekete, atakhumata ngati wofedwa.

"Atsikana aja afika m'mawawu akufuna funde. Uwakweze komaliza labuluu lisanapite. Udzaze matanki onse."

"Nanga gosa?"

"Bambo ako agwada kaye, anzawo agwade, iwe n'kufika nthawi yako itakwana. Ukafuna kuima apa kumva akukunyoza pamaso pa a Ok, ima."

Taegyu anapita akuthamanga.

Tebulo linali lija lalifupi lopinda miyendo. Sorim analiika chala chimodzi kuchoka m'mphepete mwa thandala. Mbale yadothi yokhakhala imene apongozi ake aakazi ankaikapo nkhumba anaisiya m'kabati, n'kutenga thireyi yachitsulo yosalala, ndipo mafuta amene anadontha sanawapukute. Maganizo ake anali ochepa: nkhumba igwe, gosa iwonongeke, tsiku lipite. Gosa ikawonongeka pamafunika kufuna tsiku lina labwino, ndipo mwina pofika tsikulo mvula yamphamvu imene kuno imagwa m'chilimwe idzakhala itayamba, maboti n'kuima. Kupitirira pamenepo sanaganize. Nari anamuveka jekete, anamumanga lamba m'chiuno, mbali ina n'kudzimanga yekha, ndipo anaima naye pafupi ndi mphika.

Anthu anasonkhana: a Gong, a Ok akutsidya amene anabwera kudzaseka boti la mnzawo, amayi a sitolo ya nkhuku, ndi makasitomala ongofuna mkate waulere. A Mansik anavala malaya oyera omanga mabatani onse, chinthu chimene chimaoneka pa gosa ndi pa maliro pokha. Anathira mowa, anagwada, anagunditsa chipumi pansi, anadzuka mawondo akulira. Anapinda ndalama n'kuilowetsa m'kamwa mwa nkhumba. A Ok anaika yawo m'mphuno.

"Yaing'ono choncho, a Ok? Nkhumba iyetsemula."

"Boti lakenso n'laling'ono, achimwene."

Kutali, labuluu linakhota pa chibowa chachikasu. Sorim analiona. Nyimbo zake zinamveka, zinachepa, zinatha. A Mansik anatenga botolo la makgeolli, anadutsa tebulo, n'kukaima m'mphepete penipeni kuti athire pamphuno pa boti. Zimenezo Sorim anaziiwala. Anaganiza za nkhumba, sanaganize za wothira mowa.

"Bambo," anayamba, koma mawu anatuluka ngati a udzudzu.

Thandala linadzuka. Linagwada. Mutu wa nkhumba unanyamuka pathireyi mwaulemu, ndalama kukamwa, ndalama m'mphuno, unadutsa pakati pa mkate ndi nsomba, n'kulunjika kumtsinje. A Mansik anataya botolo, anaugwira khutu. Khutu la nkhumba yowiritsa si chogwirira. Onse awiri khuvu!

Anthu onse aja anaima kukamwa kuli yasa, aliyense akudikira kuti mwina mkuluyu pazaka zonsezi anaphunzira mobisa. Dazi linatuluka, linamira. Kunatuluka dzanja lili ndi khutu.

Sorim sakumbukira mmene anafikira pangodyapo. Amayi a nkhuku amati anathamanga ndodo yangowe ili m'manja, Nari akukokeka kumbuyo palamba ngati kambuzi kopita kumsika. Anagona chamimba, anapisa ndodo m'madzi, anakola chinthu, anakoka. Chinali lamba wa buluku. Apongozi ake anatuluka chammbuyo, matako kutsogolo, buluku litatsika kufika pamene mpongozi sayenera kuona. A Gong ndi a Ok anathandiza kuwakweza, n'kuwagoneka pamatabwa ngati mlamba.

Anasanza mtsinje. Anatsokomola. Sorim anagwada pambali pawo, akuganiza kuti wapha agogo a mwana wake chifukwa cha timatabwa tiwiri. Pamadzi ndalama zinkayandama. Nkhumba inali itapita, ikumwetulirabe.

"Agogo," anatero Nari, "bwanji simunasambire?"

Funso limene Cheongpyeong yense analisunga m'kamwa kwa zaka zonsezi linagwa pathandala ngati mbale. A Ok anayang'ana kumwamba. Amayi a nkhuku anayamba kukonza mkate umene sunasokonekere. A Mansik anakhala tsonga, khutu lija likadali m'manja, nkhope ikufiira kuyambira m'khosi.

Anawapulumutsa ndi a Gong. Munthu wogulitsa saona tsoka, amaona khomo, ndipo labuluu linali lodula kuposa loyera.

"Abwana, ine ndayenda m'magosa ambiri, koma izi sindinaonepo. Nthawi zonse Mwini Mtsinje timamupatsa fungo lokha, nyama n'kudya tokha. Lero wabwera yekha kudzatenga mutu wonse."

"Walandira," anavomera amayi a nkhuku msangamsanga. "Walandira ndithu."

"Koma taonani amene anamutuma," a Gong anatsitsa mawu. "Loyerali lili pompa, silinagwedezeke n'komwe kupereka. Funde limene lanyamula nsembe ndi la liti?"

Onse anatembenuka. Labuluu linkabwera pang'onopang'ono, nyimbo zili pamwamba, Taegyu akukweza dzanja mosangalala, osadziwa kanthu.

A Mansik analiyang'ana. Panali njira ziwiri. Akanatha kukhala nkhalamba imene inagwa m'madzi n'kuvuulidwa ndi mpongozi buluku lili m'mawondo, kapena munthu amene Mwini Mtsinje anamuyankha pamaso pa anthu. Anakweza buluku.

"Ndani wati ndinagwa?" anafunsa. "Ndimaperekeza nsembe. Mlendo wamkulu sumupatsira chakudya pakhomo."

"Zoona, achimwene," anatero a Ok, misozi ikutsika. "Munaperekeza mpaka kuchipinda."

"Gong, loyeralo nyamula. Gosa yadyedwa ndi bafa."

Ndi mmene labuluu linakhalira la kwa Pyo. Madzulo ake timatabwa tofiira tinabwerera pamsomali, ndipo palibe anatitchulanso, poti palibe amafuna kutcha a Mansik galu. Taegyu anayesa kamodzi kunena kuti kwa a Ok ana ang'onoang'ono amakwera funde ataima pakati pa miyendo ya bambo awo. Sorim anali ndi chikombe m'manja. Anangomuyang'ana, iye n'kukumbukira kuti zingwe zikufuna kuyang'anidwa.

Musaganize kuti Sorim tsopano amagona. Anadzigulira yekha funde la tsiku ndi tsiku. Boti likakhota pachibowa, iye amasiya mphika, amagwira Nari pakhosi pa jekete, amadikira thandala ligwade lidzuke, ndiye n'kubwerera kukapeza ramyeon itafewa. Makasitomala achuluka, zimbudzi zokolopa zachulukanso.

Koma sabata yotsatira gosa ija a Mansik anaitana owotcherera zitsulo, anazunguliza mpanda thandala lonse, n'kusintha migolo ya kungodya ya kum'mawa. Anati n'chifukwa cha mwana. Mpandawo ndi wofika pachifuwa cha munthu wamkulu. Masiku ano amayendetsa bafa lawo pa liwiro la nkhalamba, akukalipira pa chimkuzamawu anthu odzijambula, ndipo malaya amamanga mabatani onse ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anenepa modabwitsa pachifuwa ndi pamsana pokha. Pamzere wa majekete a makasitomala pakusowa imodzi, ndipo Sorim, amene amadziwa jekete iliyonse ndi fungo lake, sanafunsepo.

Tsiku lina masana anabwera kumphika kudzafuna msuzi. Anakhala pampando, chinthu chija chikulira kwiii m'kati mwa malaya. Anamwa, anapukuta pakamwa, maso ali kumtsinje.

"Make Nari."

"Bambo."

"Mbale yadothi ya malemu apongozi ako ija inasweka?"

Sorim anasiya kuvundula msuzi. "Ayi, Bambo. Ili m'kabati."

"Ehe." Anamwanso msuzi. "Uisunge bwino. Gosa ya chaka chamawa tebulo ndidzaika ndekha."